MATUMBO A NSOMBA NDI CAKUDYA CA M'DIMBA

ALIYENSE amene anadzerapo pa msika wa Mtendere dzuwa litapendeka adziwa kumene amai apalira nsomba, pakuti mphuno imamuuza. Mamba, matumbo, mitu yoonongeka ndi fumbi la kapenta lotsalira pansi pa thumba, zambiri mwa izi zimathera m'ngalande ndi pa dzala, kumene nchenche zicita phwando. Mu mzinda umene unaona kolera mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, imeneyi si nkhani yoseka.

Zotsalazi zacuruka cifukwa nsomba nazo zacuruka. Kapenta anamuika m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968 kucokera ku Tanganyika, ndipo tsopano ku Siavonga aweta nsomba m'zitete za m'madzi zimene zifika mu Lusaka zikali zaziwisi.

Codabwitsa ncakuti wolima repu kuseri kwa nyumba ataya zimenezi, napita kukagula feteleza wa D Compound. M'feteleza ameneyu muli zakudya za mbeu zitatu: nayitrojeni, fosiforasi ndi potashi. Matumbo ndi mnofu wa nsomba zili ndi nayitrojeni, wobiriwitsa masamba. Minga ndi mamba zili ndi fosiforasi, wolimbitsa mizu. Potashi yekha ndiye acepa. Alimi a m'mbali mwa nyanja ku Ireland ndi Scotland akhala akumupeza kwa zaka mazana m'ndere za m'nyanja ya mcere. Ife nyanja yotero tiribe, koma phulusa la pa mbaula lili naye, ndipo mbaula siisowa pa nyumba iriyonse m'komboni.

Kapangidwe kake nkosabvuta, kungoti kafuna kudekha. Kumbani dzenje lofika m'bondo, kutali ndi citsime, pakuti madzi a pansi mu Lusaka ali pafupi ndipo sacedwa kuipa. Yalani udzu wouma kapena utuci, thirani zotsala za nsomba, wazani phulusa pang'ono, kenaka udzu wina. Zouma zicuruke katatu kuposa nsomba. Kwirirani ndi dothi locindikala ndi kutsendereza ndi miyala kapena lata lakale. Wocita ulesi pamenepa adzapeza agalu ndi makoswe atafukula zonse, ndipo anansi adzamuda cifukwa ca fungo. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, manyowa akhala atada ndi kufumbutuka. Musathire zaziwisi patsinde pa mbeu, zimaocha mizu.

Mdani wina ndi mcere. Zotsala za nsomba zoumitsa ndi mcere ziyenera kubviikidwa m'madzi poyamba, ndipo madziwo asatayidwe m'dimba, cifukwa mcere ukalowa m'nthaka sucoka msanga.

Ofuna kuona ulimi wa manyowa ndi maso ao angapite ku Kasisi Agricultural Training Centre, kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, sukulu imene Ajezwiti anatsegula mu 1974.