C. Banda ndi ndani? Zodabwitsa 8 za manambala a kafukufuku

M'malokeshoni a Blantyre kafukufuku si mlendo. Ku Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa ngakhale kwathu kuno ku Chirimba, tinazolowera kuona achinyamata akuyenda khomo ndi khomo, tabuleti ili m'manja, mafunso ali mbwee. Zomwe amapeza zimakathera m'mapepala a pa intaneti. Kuti pepala lisasochere kumeneko, ndiponso kuti mwini wake adziwike, pamafunika manambala osasintha, ndipo maiko ena afika pokhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya manambala amenewa.

1. Anthu anayi akhoza kusanduka munthu mmodzi. Magazini a sayansi amakonda kufupikitsa dzina loyamba, ndiye Chisomo, Chikondi, Chimwemwe ndi Chifundo a kwa Banda onse amalembedwa kuti C. Banda. Onjezeranipo a ku Chipata ndi a ku Tete. Ife tikakumana timafunsana kuti kwanu nkuti, mfumu yanu ndani, koma kompyuta ilibe mwambo umenewo: imangounjika mapepala onse pa mutu umodzi, wa zamankhwala ndi wa zansomba pamodzi. Mayi akakwatiwa n'kusintha dzina, ntchito yake imang'ambika pakati ngati ya anthu awiri. ORCID inayamba mu 2012 kuti ithetse zimenezi. Ndi nambala ya zilembo 16, yaulere kwa wofufuza, ndipo amakhala nayo ngakhale asinthe dzina, ntchito kapena dziko. Ikathera ndi X musadabwe. Chilembo chomalizacho ntchito yake ndi kugwira wolakwitsa polemba.

2. Nambala ya ORCID yotchuka kwambiri ndi ya munthu amene sanabadweko. 0000-0002-1825-0097 ndi ya Pulofesa Josiah Carberry wa ku Brown University ku America, amene anthu anangomupeka mwanthabwala mu 1929, ati katswiri wa miphika yong'aluka. Ndi imene amaonetsera anthu pophunzitsa.

3. Sukulu nazo zimasintha maina. Mu 2021 University of Malawi inagawika: Poly inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, dzina lakale n'kutsalira Chanco ku Zomba. Bunda inali itachoka kale kukapanga LUANAR. Tsono dokotala amene sanasunthe pa desiki yake pafupi ndi Queens ali ndi mapepala a sukulu ziwiri. Wowerengera ali ku London akhoza kupereka mapepala a malungo a zaka 30 ku Zomba, KUHeS n'kuoneka ngati khanda. Kaundula wa mabungwe wotchedwa ROR, amene anayamba mu 2019, amapatsa bungwe lililonse nambala ndi kusonyeza kuti linachokera ku liti.

4. Pepala lililonse la mu Malawi Medical Journal lili ndi nambala ya DOI yoyamba ndi 10.4314. Chiyambi chimenechi si chathu: ndi cha African Journals Online ya ku South Africa, imene imasunga magazini ambirimbiri a mu Africa. Palibe choipa, pakuti mapepala akupezeka. Komabe pa mabuku tili ndi chathuchathu. Tembenuzani buku la Kachere Series muone ISBN: 99908 ndi chizindikiro cha Malawi. Ndipo kuyambira mu 2023 bungwe la Crossref, lomwe limapereka ma DOI ambiri, linachotsa malipiro kwa mabungwe a m'maiko osauka, Malawi ali momwemo. Chonamizira cha madola chinachepa.

5. Ana a ku Ndirande ndi Zingwangwa anaphunzitsa dziko lonse lapansi. Mu 2018 ana oposa 28,000, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa m'kafukufuku wa katemera watsopano wa taifodi. Ena analandira katemerayo, ena wa matenda oumitsa khosi, kuti pakhale pofanizira. Zotsatira zinatuluka mu 2021 m'magazini ya New England Journal of Medicine, zosonyeza kuti katemerayo amateteza pafupifupi ana 8 mwa 10 aliwonse, ndipo mu Meyi 2023 boma linayamba kubaya ana m'dziko lonse. Ntchito ngati iyi imayenda ndi manambala osiyanasiyana: ya kafukufuku weniweniyo m'kaundula wa mayeso a mankhwala, ya pepala lililonse lotulukamo, ndi za ofufuza. Yoyambayo ndi imene ine ndimaiona yofunika koposa, chifukwa imalembetsedwa ntchito ikamayamba. Zotsatira zikatuluka zosakoma, munthu sangazikwirire n'kunena kuti kafukufuku kunalibe. Mayi amene anatambasulitsa mkono wa mwana wake ayenera kutetezedwa motero.

6. Nambala si nkhokwe. DOI imangoloza kumene pepala lili, ndipo wosindikiza akagwa osasiya kope kwina, imaloza pabwinja. Mu 2024 Martin Eve wa ku London atafufuza mapepala oposa 7 miliyoni okhala ndi DOI, anapeza kuti oposa gawo limodzi mwa magawo 4 sakupezeka m'malo akuluakulu osungira zolemba. Kuno tikudziwa kuti kutaya n'kotani: mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi.

7. Chimene chinakopa maboma si chikondi cha sayansi ayi, koma kutopa ndi mafomu. Ku Australia anawerengera mu 2022 kuti manambalawa angapulumutse masiku ogwira ntchito pafupifupi 38,000 pachaka, amene amathera kulemba mobwereza dzina, sukulu ndi mndandanda wa mapepala. Ndondomeko yawo ya dziko lonse inatuluka mu 2024. Ena sanadikire zikalata zazitali. Bungwe la Wellcome, limene dzina lake lili pa chipata cha Malawi-Liverpool-Wellcome ku Queens, linayamba kufuna ORCID kwa opempha ndalama mu 2015, ndipo National Research Foundation ya ku South Africa inatsatira mu 2017. Mwini thumba akalankhula, mzere umayima wokha.

8. Ntchito yovuta kuposa yopatsa ofufuza athu manambala tinaichita kale. Mu 2017 National Registration Bureau inalembetsa anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi 6, kuyambira wogulitsa tomato mumsika wa Chirimba mpaka msodzi wa ku Likoma. Ofufuza a m'dziko muno sangadzaze ngakhale Kamuzu Stadium. Ogwira ntchitoyi aliponso: National Commission for Science and Technology, MAREN yolumikiza masukulu a ukachenjede pa intaneti, ndi UbuntuNet Alliance ya chigawo chonse cha kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, imene likulu lake lili ku Lilongwe. Kafukufuku wokhudza thanzi la anthu amadutsa kale ku makomiti opereka chilolezo, monga ya ku KUHeS ndi NHSRC ya unduna wa zaumoyo. Pamenepo ndi pofunsira nambala ya wofufuza, ya bungwe lake ndi malo amene zotsatira zidzasungidwe, monga momwe wogulitsa simukadi amayambira wafunsa chiphaso cha unzika asanatsegule paketi.