KUTCHERA MBEDZA ZA MILAMBA PA NTHAMBI ZA MITENGO

Lero tikambe za njira yophera milamba ikuluikulu imene siifuna bwato kapena ukonde, ndiponso siimchotsa munthu kumunda. Njirayo ndiyo kumanga chingwe cha mbedza ku nthambi ya mtengo woweramira pamadzi, ndi kuchisiya usiku wonse kuti chigwire nchito chokha mwini wake ali m'tulo.

Poyamba tiidziwe nsombayo. Mlamba sudalira maso pofuna chakudya. Uli ndi ndevu 8 kukamwa kwake, ndipo ndi ndevu zimenezi umakhudza ndi kulawa zinthu ngakhale m'madzi amatope. Usana umabisala m'mizu ndi m'mauna a pagombe, koma dzuwa likalowa umatuluka ndi kuyenda m'mphepete kufuna achule, nkhono ndi tinsomba. Ndiye chifukwa chake mbedza zimenezi timatchera madzulo. Mlamba uthanso kupuma mpweya wa kunja kwa madzi. Pamene nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, milamba inapulumukira m'mathawale ndi m'mitsinje yothira m'nyanjamo, m'madzi oipa amene nsomba zina zinaferamo. Kotero mlamba wogwidwa pakati pa usiku mudzaupeza wamoyo mmawa, wosavunda.

Tsono nzeru yonse ya njirayi ili m'nthambi. Anthu ambiri amalakwa pomanga chingwe ku thunthu la mtengo kapena ku chikhomo cholimba, poganiza kuti cholimba ndicho chabwino. Iyayi. Mlamba waukulu ukamva mbedza umagutula mwamphamvu, ndipo ngati palibe chogonja, chingwe chimaduka kapena mbedza imang'amba mlomo, nsomba nkupita. Nthambi youma nayo imangothyoka. Funani nthambi yaiwisi, yonenepa ngati mpini wa khasu kumene yaphukira, yowonda kunsonga, monga ya mkuyu kapena ya katope. Ikokeni ndi dzanja. Ikawerama ndi kubwerera yokha, ndiyo imeneyo. Nsomba ikakoka, nthambi imagonja. Nsomba ikaleka, nthambi imaikokanso. Zimalimbana chotero usiku wonse, ndipo wotopa ndi mlamba, pakuti mtengo sutopa. Pamene palibe mtengo, zikani nsungwi yaiwisi pagombe mopendekera kumadzi.

Chingwe chikhale cha nayiloni yolimba, koma chachifupi. Chikatalika, nsomba imathawira nacho m'mizu ndi kuchikulunga m'menemo, ndipo mudzataya nsomba pamodzi ndi mbedza yomwe. Nyambo yamoyo, monga chule kapena kansomba, ilendewere pafupi ndi pamwamba pa madzi kuti iziphiriphitha, mlamba uimve uli patali. Nyambo yakufa, monga matumbo a nkhuku kapena nyongolotsi zambiri pa mbedza imodzi, itsike ndi kamwala, koma isagone pansi penipeni, chifukwa nkhanu zidzaimaliza nsomba isanafike. Mbedza yaikulu siikola tiana, ndipo ichi nchabwino.

Inu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumunsi kwa mathithi a Kapichira, muli ndi vundu, mbale wake wa mlamba, amene atha kupitirira makilogalamu 50. Kumeneko chingwe chopyapyala nchongotaya.

Poonjola mmawa chenjerani. Nsomba yophupha pa chingwe imaitana ng'ona, ndipo ng'ona imaphunzira msanga malo amene munthu amafikapo tsiku ndi tsiku pa nthawi imodzimodzi. Musapite kusanache, musapite nokha, ndipo musatume mwana. Musalowe m'madzi, kokani chingwe ndi ndodo yangowe muli pamtunda. Sinthanisinthani malo otcherapo. Nsombayo ikafika pamtunda, iphani ndi chibonga musanachotse mbedza, pakuti m'zipsepse za m'mbali mwake muli minga yolasa koopsa, ndipo bala lake limachedwa kupola.

Tsopano mawu kwa inu mafumu. Milandu yambiri ya mbedza zotchera imachokera pa kuonjola za eni. Munthu afika mmawa, apeza nthambi yosasuka masamba, chingwe chodulidwa ndi mpeni, ndipo mnansi wake akuwamba mlamba. Mlandu wotere ngwovuta kuweruza popanda mboni. Nkwabwino kuti mfumu igawiretu gombe, aliyense adziwe mitengo yake, ndipo aike chizindikiro chake pa zingwe, kaya kansanza kaya mfundo ya mtundu wake. Lamulaninso kuti woleka kutchera achotse zingwe zake zonse. Nayiloni siiola msanga, ndipo mbedza yoiwalika imapha nsomba, nkhasi ndi mbalame popanda wodya. Ndipo wodula mitengo ya pagombe aitanidwe kubwalo, chifukwa wachotsa potchera anzake, wagumulanso gombe.

China nchokhudza mvula yoyamba. Madzi akasefukira m'maudzu, milamba imakwera usiku kukaikira mazira, ndipo pamenepo iphedwa mosavuta, ngakhale ndi zikwanje. Koma mlamba waukazi umodzi waukulu umanyamula mazira zikwi makumimakumi. Mudzi umene umapha yonse pa masabata amenewo udzatchera mbedza pachabe chaka chamawa. Ife tiona kuti nkwanzeru kuti mfumu ndi anthu ake apangane kupumitsa mbedza kufikira madzi atayamba kubwerera mumtsinje. Kumbukiraninso kuti lamulo la za nsomba limaletsa kupha nsomba ndi katupe kapena mankhwala ena aliwonse, ndi kuti m'nkhalango yotetezedwa ya Liwonde simuloledwa kutchera mbedza konse.

Mlamba waukulu uli ndi mafuta ambiri, ndipo suuma bwino padzuwa. Ngati simuudya tsiku lomwelo, utumbuleni, muudule nthulinthuli, muthire mchere, ndi kuuwamba pa moto wofatsa wa nkhuni zouma kufikira utalimba.