Nyamakazi si ya agogo okha

Kuno ku Thyolo timadyera zala. Wothyola tiyi amalandira malinga ndi makilogalamu amene wathyola, ndipo ine mphunzitsi wa kusekondale ndimakhalira kugwira choko. N'chifukwa chake nyamakazi yotupitsa mfundo, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, imalowa mpaka m'poto wa pakhomo.

Ine inandigwira ndisanakwanitse zaka 30. M'mawa zala za manja onse awiri zimauma kwa ola lathunthu, makamaka chiperoni chikabwera mu June ndi July. Ena amati ndinalodzedwa, ena amati ndi ulesi chabe. Zoona zake n'zakuti chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mwini wake yemwe, ndipo matendawa amagwira amayi ambiri kuposa abambo.

Panado amangoziziritsa ululu, mkati mfundo zikudyekabe. Mankhwala monga methotrexate, amene ndinayamba kumwa atandipima magazi ku Gulupu ku Blantyre, sachiza, koma amachepetsa kuwonongekako.

Choncho akapitawo m'minda ya tiyi, mayi akakuuzani kuti zala zamutupa kwa milungu ingapo, musamunene kuti akuzemba ntchito. Mulimbikitseni apite kuchipatala msanga, chifukwa chala chikapindika sichiwongokanso chokha.