Fyuzi yapsanso? Musathamangire kuika yaikulu

Chiperoni chikagwa mu June kuno ku Thyolo, minda ya tiyi kuyambira ku Satemwa mpaka ku Makwasa imasowa m'nkhungu, ndipo m'nyumba za magetsi mumachitika zofanana. Ketulo ikuwira, hotipuleti yayaka, wina akusita yunifomu imene yakana kuuma, zonse pa ekisitenshoni imodzi. Pakapita kanthawi, zonse zii. Fyuzi yapsa.

Chaka chatha ndinakacheza kwa msuweni wanga amene amagwira ntchito pa esiteti ina, ndipo ndinapeza pulagi ya ekisitenshoni yake itada ngati kunsi kwa mphika. Nditaitsegula, pamalo a fyuzi panali kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Iye anangoseka. "Asuweni, mafyuzi a masiku ano ndi ofooka, ndiye ndangolimbitsako."

Kufookako ndiye ntchito yake ya fyuzi. M'kati mwake muli kawaya kopyapyala kopangidwa dala kuti kasungunuke current ikachuluka, mawaya enawo asanatenthe. Tiyeni tiwerengetsere ngati tili m'kalasi. Magetsi a ESCOM amalowa m'nyumba pa 230 V, ndipo paja I = P/V. Ketulo ya 2,000 W imakoka 8.7 A, hotipuleti ya 1,500 W imakoka 6.5 A, simbi ya 1,200 W imakoka 5.2 A. Zonse pamodzi ndi 20.4 A. Fyuzi yaikulu kwambiri ya m'mapulagi athu a mano atatu ndi ya 13 A. Ndiye ikapsa, yalakwa chiyani?

Apa ndi pamene ambiri amandiphonyera pamayeso: kutentha kwa waya kumatsata I², osati I. Current ikawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Pa 20.4 A chingwe cha ekisitenshoni chimatulutsa kutentha kwa pa 13 A kuwirikiza pafupifupi kawiri ndi theka. Mukachotsa fyuzi n'kuikapo kapepala, msomali kapena waya wa kopa, current sichepa ayi. Mwangosamutsa malo oyamba kupsa. Tsopano chopsa ndi chingwe chija chadutsa kuseri kwa mpando kapena pansi pa mphasa.

Pa bolodi ya nyumba nkhani ndi yomweyo. Nyumba zakale zina zikadali ndi mafyuzi omanga ndi waya: 5 A ya mababu, 30 A ya kuka. Kukula kwa fyuzi kapena breaker amasankha potengera kunenepa kwa waya umene uli kumbuyo kwake. Waya wa mababu ndi woonda. Kuuikira fyuzi ya 30 A ndi kuuloleza kutentha mwakachetechete kudenga, pafupi ndi matabwa ouma, kumene simuyang'anako. Ngakhale pa pulagi, wailesi ndi nyali zimafuna fyuzi ya 3 A, osati 13 A paliponse.

China chimene chimadabwitsa ophunzira anga: fyuzi siteteza thupi lanu. Current ya ma milliamp makumi ochepa chabe ikadutsa pamtima ikhoza kupha munthu, pamene fyuzi ya 13 A siimva kanthu. Pa simenti yonyowa ndi chiperoni, muli opanda nsapato, thupi lanu ndi njira yabwino yopita pansi. Choteteza munthu ndi waya wa earth ndi kachipangizo kotchedwa RCD, kamene kamadula magetsi 30 mA yokha ikathawira kwina. Kamakhala ndi batani loyesera lolembedwa T. Kaoneni ngati bolodi ya kwanu ili nako.

Nanga inu mungayeze chiyani? Zulani mapulagi onse, muzibwezera imodziimodzi; chimene chagwetsa breaker chadziulula chokha. Nunkhizani ngati pakumveka pulasitiki wopsa, yang'anani ngati soketi yada. Fyuzi ya pulagi yozulidwa mukhoza kuiyesa ndi batire ndi kababu ka tochi ngati ku labu: babu ikayaka, fyuzi ili bwino. Basi, malire anu ndi amenewo.

Kutsegula soketi kapena bolodi ndi ntchito ya munthu amene ali ndi chiphaso cha MERA, ndipo mita ndi ya ESCOM, sitiigwira. Ngati nyumba ndi ya esiteti, kanenani ku ofesi. Akabwera wamagetsi, muone mmene akuchitira: athimitsa main switch, ayesa chida chake pamalo pamene akudziwa kuti pali magetsi, ayeza waya, n'kuyesanso chidacho. Sakhulupirira mtundu wa waya wokha, chifukwa live wamakono ndi wabulawuni pamene m'nyumba zakale ndi wofiira, ndipo amene anamanga akhoza kukhala anasokoneza. Ka tester kokhala ngati sikuludiraiva nako kamanama. Padzuwa kuwala kwake sikuoneka. Ndipo chonde, magetsi akathima dera lonse musati mwapeza mpata wokonza soketi. Amabwera osaodira.

Msuweni wanga uja tinamugulira pulagi yatsopano ndi fyuzi ya 13 A ku Luchenza. Masiku ano ketulo imayamba yawira, simbi n'kulowa pambuyo. Amadandaulabe kuti m'mawa zimamuchedwetsa.