MAU A NCHITO YA CITHANDIZO AMENE ALIYENSE AYENERA KUWADZIWA

Munthu wa ku Kapata kapena wa m'midzi yozungulira Chipata angathe kuphonya cithandizo ca Boma cimene cimuyenera, cifukwa ca kusadziwa tanthauzo la mau amene anchito a ofesi ya Social Welfare amalankhula.

Mau oyamba ndi akuti "banja losowa mphamvu". Umphawi wokha sukwanira kuti banja lichedwe motero. Ili ndi banja limene muli nkhalamba, wolemala kwambiri, kapena wodwala matenda osacira. Ndiponso la ana amasiye odzisunga okha, kapena la mai wolera yekha ana atatu kapena oposerapo. Mabanja otere ndiwo amalembedwa pa ndalama za Social Cash Transfer, nchito imene inayambira ku Kalomo mu 2003, nifika ku Chipata mu 2006 ndi ku Katete mu 2007. Ndalamazi si ngongole ai. Banja la wolemala kwambiri limalandira zoculukirapo.

Amene amathandiza kupeza mabanjawa ndi a CWAC, kabungwe ka anthu odzipereka a m'dera lomwelo. Kulembedwa nkwaulere, cotero wopempha nkhuku kapena ndalama kuti alembe dzina akulakwa.

Mau ena osokoneza ndi a ana. "Kusunga mwana" ndiko kumlera kwa kanthawi pamene makolo ace alephera, koma iye akhalabe wa ku banja lace. "Kutenga mwana kukhala wako" ndi nkhani ya ku khoti, ndipo cigamulo cikaperekedwa, mwanayo amawerengedwa ngati wobadwira m'nyumbamo, ngakhale pogawa cuma ca masiye. Wolera mwana wa m'bale wace ayenera kudziwa kusiyana kumeneku maliro asanagwe pakhomo.

Lamulo la ana la 2022, Children's Code, linena kuti pa mlandu uliwonse wokhudza mwana, coyamba kuganiziridwa ndi "ubwino wa mwana", osati zofuna za akulu. Kuyambira mu 2023, ukwati wa mwana wosafika zaka 18 suwerengedwa, ngakhale utakhala wa mwambo. Woona mwana akuzunzidwa angathe kuimba lamya yaulere ya 116.

Amene sanamvetse liu lina afunse a CWAC kapena ku ofesi kwa Boma. Paja akale anati safunsa anadya phula.