Fumbi la pa Songwe lidandiphunzitsa kupangira printa sefa

Amene adafikapo pachipata cha Songwe m'miyezi ya September ndi October akudziwa fumbi lomwe ndikunena. Mathiraki ochokera ku Dar es Salaam amatsika mlatho kuchokera ku Kasumulu, kabaza ali piringupiringu, ndipo pofika masana chilichonse chimakhala chitayera mbuu. Ine ndili ndi kashopu kafotokope chapafupi ndi msewu wa M1. Makasitomala anga ndi madalaivala, amalonda odumpha malire ndi ana asukulu ofuna kusindikiza mapepala awo.

Printa yanga yoyamba sidathe chaka. Idayamba kukoka mapepala awiriawiri, kenako kulemba mizere yakuda, mapeto ake idangoti zii. Wokonza makina ataitsekula adandionetsa fumbi litamatirira pa timawilo tokoka mapepala. Adati, "Bambo, makinawa sadafe ndi ntchito, afa ndi dothi." Sabata ziwiri zomwe ndidakhala wopanda makina, makasitomala adazolowera shopu ina, ndipo fizi ya mwana idachedwa.

Nditagula ina mwangongole, ndidayamba kuivundikira ndi chitenje. Izi zimathandiza usiku wokha, poti masana makina akugwira ntchito sungawafunditse. Printa ya laser imamata tona papepala ndi kutentha kofika pafupifupi madigiri 200, ndiye kuitsekera mpweya kuno kotentha kale n'kuipha ndi manja ako.

Palinso vuto lachiwiri lomwe ambiri sitiliganizira. Mu 2007 akatswiri a pa Queensland University of Technology ku Australia, motsogozedwa ndi Lidia Morawska, adayeza maprinta 62 ndipo adapeza kuti 17 mwa iwo amatulutsa tinthu tambiri tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwe timatha kulowa mpaka mkati mwa mapapo. Choncho fumbi lapanja limadwalitsa makina, pomwe mpweya wa makina ungadwalitse mwini wake amene amaswera nawo m'kachipinda kopanda zenera lokwanira.

Nzeru ndidaitenga kwa anzathu a ku America. Mu 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, Richard Corsi ndi Jim Rosenthal adatchukitsa kabokosi koyeretsa mpweya kopangidwa ndi fani wamba ndi masefa omatidwa ndi tepi. Ndidati ngati iwo adatha ndi tepi ndi katoni, ine ndingalephere bwanji ndi pulayiwudi?

Kalipentala adandikhomera bokosi lokulirapo kuposa printa, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi mbali zonse, ndi chitseko kutsogolo chotengera mapepala. Kumbali imodzi, chakumunsi, tidaboola bowo n'kuikapo sefa ya galimoto. Apa ndidalakwitsa poyamba: ndidagula sefa ya injini, koma n'njolimba kwambiri moti kafani kakang'ono sikangakoke mpweya. Yoyenera ndi ija yosefa mpweya wolowa mokhala anthu m'galimoto, yapepala lopindapinda, yomwe imapezeka m'mashopu a zipangizo zagalimoto ku Karonga boma ngakhalenso ku Kyela.

Kumbuyo kwa sefayo, mkati mwa bokosi, ndidamangirira mafani awiri ochotsa m'makompyuta akufa. Amayendera mavoti 12 ndipo amadya moto wochepa, moti batire ya sola imawayendetsa tsiku lonse. Chinsinsi chagona apa: mafani azikankhira mpweya m'bokosi, osati kuukoka kutulutsa. Mpweya wosefedwa ukachuluka mkati, umatulukira m'ming'alu yonse, ndipo fumbi silipeza polowera. Mukawatembenuza, bokosi limayamwa fumbi kudzera pachitseko, ntchito yonse n'kupita pachabe.

M'mphepete mwa sefa ndidamatamo malegeni a tchubu chanjinga kuti mpweya usazembe m'mbali. Kumwamba kwa bokosi, moyang'anizana ndi pomwe printa imapumira, ndidaika paipi yaikulu yapulasitiki yotulukira pazenera. Mpweya wotentha umakwera wokha, ndiye umatuluka limodzi ndi fungo la tona m'malo mondilowa m'mphuno. Paipiyo ikhale yaifupi ndi yotakata. Yopyapyala imatsamwitsa mafani.

Pali zinthu zitatu zoyenera kusamala. Choyamba, gwirani bokosi mukasindikiza mapepala ambiri. Likatentha kuposa chipinda, onjezerani potulukira mpweya kapena tsekulani chitseko. Chachiwiri, musaike makala a pambaula poganiza kuti achotsa fungo. Makala a m'masefa ogula amachita kukonzedwa mwapadera. Athuwa amangoonjezera fumbi lakuda. Chachitatu, sefa yapepala sachapa. Ine ndimaikuntha panja Loweruka lililonse, ndipo ikada mosalola kuwala kudutsa ndimagula ina. Tona akatayika, pukutani ndi kansalu konyowa ndi madzi ozizira, musamuuzire ndi pakamwa.

Mvula ikayamba, mdani amasintha. Kuno mtsinje wa Songwe ukadzaza, chinyezi chimalowa paliponse, mapepala amafewa n'kumakodwa m'makina. Nthawi imeneyi mapepala ndimawasunga m'chidebe chotseka bwino, n'kumangotulutsa oti agwire ntchito tsikulo.

Sindikunena kuti bokosi langa likufanana ndi makina oyeretsa mpweya a m'maofesi akuluakulu. Tinthu tina tating'onoting'ono sefa ya galimoto siingatigwire, n'chifukwa chake paipi yotulutsa mpweya panja ndi yofunika monga sefayo. Koma printa yachiwiriyi yadutsa chilimwe kawiri isadaonane ndi wokonza, ngongole ndidamaliza, ndipo madzulo sinditseka shopu mutu ukuwawa ngati kale.

Makina awa timagula modula, ndipo zipangizo zake zimachokera kunja pomwe ndalama zakunja zikusowa. Anzanga a fotokope ku Kaporo, ku Chitipa, ku Mwanza, ku Dedza ndi kulikonse komwe shopu idayang'ana msewu, musadikire kuti makina ayambe kutsokomola. Sefa yoyamba yomwe ndidachotsa m'bokosi ndidaipachika pakhoma, yofiira ngati njerwa. Kasitomala akafunsa kuti n'chiyani, ndimamuuza kuti limenelo ndi dothi lomwe likadakhala m'printa, lina m'chifuwa mwanga.