Ulendo wa pa Ilala mu Julayi: m'chikwama mulongedze chiyani?

Ambiri a ife kuno ku Mzimba tikangomva kuti "kunyanja", chobwera m'mutu ndi kutentha. Ndiye tiyerekeze mnyamata wa Fomu 3 wa ku Embangweni waitanidwa ndi azakhali ake ku Likoma mwezi wa Julayi. Waponya m'chikwama makabudula awiri, masikipa atatu ndi mapatapata, juzi waisiya pamsomali, basi wanyamuka. Mnzake wa pa boma wamva kuti panyanja pamazizira usiku, ndiye wanyamula chijekete chimodzi chachikulu chodzaza chikwama chonse. Woyambayo akanjenjemera usiku wonse. Wachiwiriyo akatuluka thukuta masana, ndipo akangochivula chijeketecho azizidwa nthawi yomweyo. Onse awiri alakwitsa, ndipo Physics yomwe mumaphunzira m'kalasi ikutha kutiuza pomwe aphonya.

Ulendo umodzi, nyengo zitatu

Kuti mukakwere Ilala, mulowa mumsewu wa M1, kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa, kufika ku Mzuzu, kenaka n'kutsetsereka mpaka padoko la Nkhata Bay. Tauni ya Mzimba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,350 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere. Ku Chikangawa, pamwamba pa mapiri a Viphya, mumakwera kupitirira mamita 1,600. Nyanja ya Malawi ili pansi kwambiri, pa mamita osakwana 500.

Manambala amenewa ali ndi ntchito. Mpweya ukamakwera m'mwamba umapanikizika pang'ono, motero umafufuma, ndipo pofufumapo umazizira. Kawirikawiri mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Tawerengani nokha: pakati pa Mzimba ndi nyanja pali mamita pafupifupi 900, zomwe zikutipatsa kusiyana kwa madigiri 6. Pakati pa Chikangawa ndi nyanja kusiyanako kumatha kufika madigiri 8. N'chifukwa chake m'mawa mumadutsa m'nkhungu mano akugundana, masana mukufika ku Nkhata Bay mukufunafuna mthunzi.

Nyanjayo payokha siizizira msanga. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika ma joule 4,200, ndipo madziwo amachedwa chimodzimodzi kutaya kutenthako. Choncho ngakhale mu Julayi, pomwe ku Mzimba usiku kumatsika kufika pa madigiri 10 kapena kucheperapo, madzi apamwamba panyanja amakhalabe opitirira madigiri 20. Nanga ngati zili choncho, anthu amazizidwiranji pasitima? Yankho lili pa zinthu ziwiri: mphepo ndi kunyowa.

Chovala sichipanga kutentha

Tiyambe ndi mfundo yomwe ambiri amaisokoneza. Juzi siitenthetsa munthu. Mutafunditsa mwala bulangeti usiku wonse, m'mawa muupeza uli wozizirabe. Mbaula ndi thupi lanu lomwe. Limagaya nsima yomwe mwadya n'kutulutsa kutentha, ndipo munthu wamkulu atangokhala phee amatulutsa mawati pafupifupi 100, ngati babu lakale lija. Ndi kutentha kumeneku komwe kumasunga m'kati mwa thupi pa madigiri 37. Ntchito ya chovala ndi kuchedwetsa kutenthako kuti kusathawe msanga.

Chomwe chimachedwetsa kwenikweni si ulusi, koma mpweya wokodwa pakati pa ulusiwo. Mpweya wosayenda sudutsitsa kutentha msanga. Mudaonapo nkhuku itafufumitsa nthenga m'mawa wa Juni? Ikukola mpweya wambiri pafupi ndi khungu lake. Nafenso tikazizidwa timachita tsemwe, ubweya wapakhungu n'kuima, kungoti ubweya wathu ndi wochepa moti sutithandiza kanthu. Zovala ndiye nthenga zathu.

Kutentha kumatuluka m'thupi m'njira zinayi, ndipo zonsezi mukumana nazo pasitima. Mukakhala pachitsulo chozizira, kutentha kumalowa m'chitsulomo, ndiye conduction imeneyo. Mphepo ikamachotsa mpweya wofunda wozungulira thupi, ndi convection. Mukakhala pamtetete usiku wopanda mitambo, thupi limataya kutentha kupita kuthambo, ndi radiation. Madzi akamauma pakhungu kapena pachovala, amatenga kutentha kwanu, ndi evaporation.

Mwera

Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, panyanja pamaomba mwera, mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita opitirira 500, choncho mphepoyo imathamanga pamwamba pamadzi popanda phiri kapena mtengo woitchinga, n'kumautsa mafunde akuluakulu.

Tsopano taonani pa mapu. Kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma, sitima imalowera kumwera chakum'mawa, kutanthauza kuti imayang'anizana ndi mwera maso ndi maso. Liwiro la sitima ndi la mphepo zimaphatikizana. Tiyerekeze mphepo ikuthamanga makilomita 30 pa ola, sitima makilomita 15 pa ola. Inu amene mwaima panja mumva mphepo ya makilomita 45 pa ola.

Thupi lanu nthawi zonse limazunguliridwa ndi kampweya kofunda komwe lakatenthetsa lokha. Mphepo imakakokolola kampweyako, thupi n'kutenthetsa kena, nakonso n'kupita. Thermometer ikhoza kuonetsa madigiri 18, koma inu n'kumamva ngati muli ku Chikangawa m'bandakucha. Apa ndi pomwe juzi yoluka imakugwiritsani fuwa lamoto. Ili ndi timabowo tambirimbiri, ndipo mphepo imangodutsa ngati pa sefa.

Kunyowa n'koopsa kuposa mphepo

Madzi amadutsitsa kutentha mwachangu pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Chovala chikanyowa, madzi amalowa m'malo monse momwe munali mpweya muja, ndipo chimasiya kukutetezani. Kuonjezera apo, galamu imodzi ya madzi imafuna ma joule pafupifupi 2,400 kuti isanduke nthunzi. Sikipa ikamwa magalamu 100 a madzi, pafunika ma joule 240,000 kuti iume. Kutentha konseko kutachokera mwa inu, ndiye kuti mbaula yanu ya mawati 100 ija yagwira ntchito mphindi 40 pongoumitsa sikipa. Ndi mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi kumudzi: madzi olowerera kunja kwa mtsuko akamauma, am'kati amazizira. Mukavala chonyowa pamphepo, mtsukowo ndinu.

Pasitima njira zonyowera ndi zambiri. Mafunde amawaza madzi, usiku kumagwa mame, ndiye palinso thukuta lomwe munatuluka masana ponyamula katundu padoko. M'malo ena monga Usisya ndi Ruarwe sitima siifika kumtunda, anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, ndipo pomaliza umayenera kuponda m'madzi.

Apa mtundu wa nsalu ndi nkhani yaikulu. Thonje limamwa madzi ambiri n'kuwasunga pakhungu, ndipo limachedwa kuuma. Jinzi ndiye usanene, ikanyowa madzulo imafika m'mawa ili chinyowere. Poliyesita ndi nayiloni zimamwa madzi ochepa kwambiri ndipo zimauma msanga. Ubweya wa nkhosa umatha kumwa chinyezi chokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake usanayambe kumveka kunyowa, ndipo umasungabe mpweya. Mukapita pa kaunjika, musamangoona mtundu ndi sitayilo. Tembenuzani chovalacho muwerenge kansalu kolembedwa kam'kati kaja.

Zovala zitatu, chilichonse ndi ntchito yake

Njira yabwino ndi kuvala zovala zopyapyala zingapo mosanjikiza m'malo mwa chimodzi chokhuthala. Pakati pa chovala ndi chinzake pamakodwa mpweya wina, komanso mumatha kuvula kapena kuonjezera chimodzi nyengo ikasintha.

Cham'kati ntchito yake ndi kuchotsa thukuta pakhungu. Jezi ya mpira ija mumaivala Loweruka ndi yabwino zedi, chifukwa zambiri ndi za poliyesita. Chapakati ntchito yake ndi kukola mpweya. Juzi ya kusukulu ikwanira, ndipo mukapeza ya ubweya kapena ya fleece ndiye bwino koposa. Chakunja ntchito yake ndi kutchinga mphepo ndi madzi: jekete yopepuka ya nayiloni kapena lenikoti. Payokha jekete yotereyi siifunda, koma ikakhala pamwamba pa juzi imatseka timabowo tija, mpweya wofunda n'kukhazikika.

Ndiye ulendo wanu uyenda chonchi. Ku Chikangawa mwavala zonse zitatu. Potsetsereka kuchoka ku Mzuzu mwavula jekete. Padoko mwatsala ndi jezi yokha, ndipo muvule juziyo thukuta lisanayambe, osadikira kuti inyowe kaye. Dzuwa likamalowa pasitima, bwezerani zonse musanayambe kunjenjemera, popeza kusunga kutentha n'kosavuta kusiyana ndi kukubweza kutathawa kale.

Zina zoika m'chikwama

Tengani chipewa choluka ndi masokosi awiriawiri. Thupi lonse likafunda mutu n'kukhala pamtunda, kutentha kumatulukira kumeneko. Buluku likhale lopepuka louma msanga, ndipo limodzi ndi malaya a manja aatali likutetezaninso ku udzudzu, pakuti m'mbali mwa nyanja malungo ndi ambiri. Chitenje musachisiye, anyamata inunso. Chimakhala mpango wa m'khosi, chofunda, chotchinga dzuwa ndiponso choyala. Pezaninso katoni yoyala pansi pokhala kapena pogona. Ilala ndi yachitsulo. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, n'kubwera m'zidutswa zomwe anazilumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Chitsulo chimayamwa kutentha kwa thupi mofulumira, pomwe katoni ili ndi mpweya m'timizere take tam'kati. Mapatapata muvale potsika m'boti, nsapato zotseka zikhale zouma m'chikwama.

Chofunika kuposa zonse ndi ichi: sikipa imodzi, buluku limodzi ndi masokosi muzimange m'thumba la pulasitiki lokhuthala, ndipo musazikhudze pokhapokha zomwe mwavala zitanyowa. Chikwama chikhoza kuwazidwa madzi, koma inu mukhalabe ndi chouma chosinthira.

Si nkhani yongofuna kumva bwino

Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukatsika kupitirira madigiri 35, munthu amakhala pangozi yomwe madokotala amaitcha hypothermia. Sizidalira kuti kunja kuchite kuzizira ngati m'firiji. Zovala zonyowa, mphepo, njala ndi maola angapo ndi zokwanira. Ana aang'ono ndi agogo ndiwo amagwidwa msanga. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera kosalekeza, manja kulephera kugwira zinthu, kulankhula mokoka lilime, kusokonezeka mutu ndi kuodzera. Mukaona mnzanu ali choncho, mupititseni pamalo posaomba mphepo, mum'vule zonyowa, mum'veke zouma, mum'funditse mpaka kumutu, ndipo ngati akutha kumeza bwino mum'patse tiyi wofunda wa shuga. Uzani ogwira ntchito musitimamo msanga.

Mwera weniweniwo si wosewera nawo, ndipo chovala sichingakutetezeni ku mafunde. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira pa namondwe kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu pafupifupi 145 anafa. N'chifukwa chake nthambi ya boma yoona zanyengo imachenjeza pa wailesi mwera ukamabwera. Mverani machenjezowo musananyamuke, ndipo mukakwera funsani pomwe pali majekete oyandamitsa.

Yesani nokha kunyumba

Pezani mabotolo anayi ofanana apulasitiki, muthiremo madzi ofunda mofanana, osati owira. Loyamba mulisiye lopanda kanthu. Lachiwiri muliveke sokosi youma, lachitatu sokosi yonyowa, lachinayi sokosi youma kenaka thumba la pulasitiki pamwamba. Aikeni panja pamphepo madzulo. Pakatha mphindi 30 yezani madziwo ndi thermometer ya ku labu, kapena ingothirani pang'ono padzanja.

Musanayeze, lembani m'kope botolo lomwe mukuganiza kuti lizizira kwambiri ndi lomwe likhalebe lofunda, ndi chifukwa chake. Yang'anitsitsani makamaka la sokosi yonyowa poliyerekeza ndi lopanda kanthu lija. Zomwe mupeze mukakambirane ndi aphunzitsi anu a Physics, ndipo tsiku lomwe azakhali adzakuitaneni ku Likoma, mudzalongedze chikwama mukukumbukira mabotolo anayiwo.